Zithunzi za pa mazenera a m'tchalitchi cha Katolika: kodi ndi mafano?

Funso: Ndine mayi wa ku Mufakose muno mu Harare, makolo anga anachokera ku Dedza, ndipo ndinakulira mu Mpingo wa Katolika. Mwezi wathawu tinabatizitsa mdzukulu wanga pa tchalitchi china cha m'tauni chimene chili ndi mazenera a magalasi amitundumitundu. Titatuluka, akamwini anga, amene amapemphera mpingo wina, anati zimene anaona pa mazenerawo ndi mafano, ndipo zina ndi zizindikiro za usatana zimene anaziona m'mavidiyo a pa WhatsApp. Anatchula diso lokhala m'kati mwa chinthu cha ngodya zitatu, mbalame yodzijompha pachifuwa, mkango ndi ng'ombe zamapiko, komanso zilembo za IHS. Ine ndinasowa choyankha. Kodi zimenezi zimatanthauza chiyani? Nanga bwanji anthu onse ojambulidwapo amakhala azungu?

Yankho: Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi. Pa zizindikiro zonse zimene akamwini anu anatchula palibe chimene chinachokera ku usatana, ndipo zambiri mwa izo mungathe kuzilondola mpaka kukafika pa vesi la m'Baibulo lomwelo limene iwo amawerenga kunyumba kwawo. Komabe musawatenge ngati munthu wachipongwe, pakuti nkhani ya mafano si yaing'ono, ndipo Akhristu eni ake anakanganapo zaka zoposa 100, ena mpaka kutsekeredwa m'ndende ndi kupirikitsidwa m'dziko. Chimene chinachitika tsiku la ubatizo lija n'chakuti nonse awiri munaima patsogolo pa chilembo chimene palibe anakuphunzitsani kuwerenga, iwo n'kuchiopa, inu n'kukhala mutangochizolowera. M'maparishi ambiri ana amaphunzira mapemphero ndi malamulo mpaka kulandira Ulimbitso, koma osapezeka katekisiti wowaimika pansi pa zenera n'kuwauza kuti uyu ndi yani ndipo chimene wanyamulacho chikunena chiyani.

Tiyambe ndi lamulo lenilenilo. Pa Eksodo 20:4-5 Mulungu akuletsa kudzipangira fano la chinthu chakumwamba, chapadziko kapena cha m'madzi, n'kumaligwadira ndi kulitumikira. Koma mukapitirira pang'ono, pa Eksodo 25:18-20, Mulungu yemweyo akulamula Mose kuti asule akerubi awiri agolide n'kuwaika pa chivundikiro cha Bokosi la Chipangano, ndipo pa Numeri 21:8-9 akumulamula kuti apange njoka yamkuwa, aipachike pa mtengo, kuti aliyense wolumidwa ndi njoka aziyang'ana n'kuchira. Nkhani ya njoka yamkuwayi ndiyo imaonetsa bwino maganizo a Mpingo, chifukwa mathero ake ali pa 2 Mafumu 18:4, pamene tikumva kuti patapita mibadwo Aisraele anayamba kuifukizira lubani, ndipo mfumu Hezekiya inaiphwanya, Malembo n'kuiwerengera mfumuyo pakati pa amene anachita zolungama. Chinthu chimodzi chomwecho chinali chololedwa pamene chinkalozera anthu kwa Mulungu, ndipo chinasanduka fano pamene anthu anachisandutsa mulungu wawo. Yesu mwini anatchula njokayo ngati chithunzi cha kukwezedwa kwake pa mtanda (Yohane 3:14), n'chifukwa chake amisiri akale ankakonda kuiika pafupi ndi chithunzi cha Yesu wopachikidwa.

Cha m'ma 600, episkopi wa ku Marseille, m'dziko limene lero ndi France, dzina lake Serenus anaona anthu ake akupembedza zithunzi ndipo anaziphwanya. Papa Gregori Wamkulu anamulembera kalata yomuyamikira poletsa kupembedzako, koma yomudzudzula pophwanya zithunzizo, ponena kuti chimene malemba amachitira odziwa kuwerenga, chithunzi chimachitira osadziwa kuwerenga. Pambuyo pake mkangano unakula kwambiri mu ufumu wa ku Constantinople, kuyambira m'zaka za m'ma 720 mpaka mu 843, ndipo pakati pa nthawi imeneyi msonkhano wa maepiskopi wa ku Nicaea wa mu 787 unagamula kuti kupembedza n'kwa Mulungu yekha, pamene ulemu woperekedwa kwa chithunzi umapita kwa mwini wake wojambulidwayo. Mfundo imene ankaimapo ndi yakuti Mulungu wosaoneka sajambulika, koma popeza Mawu anasanduka munthu, nkhope yake inaonedwa ndi anthu ndipo ikhoza kujambulidwa. Msonkhano wa ku Trent unabwereza zomwezo mu 1563, n'kuchenjezanso kuti pasakhale wokhulupirira kuti m'chithunzimo muli mphamvu ya umulungu. Ndiwonjezepo maganizo anga: pa zinthu zonse zojambula za m'tchalitchi, zenera ndilo lovuta kwambiri kulisandutsa fano, chifukwa lili pamwamba, palibe amaligwira, kulipsompsona kapena kuliyatsira kandulo, ndipo dzuwa likangolowa limazimiririka.

Apa ndi pamene pagona chizindikiro chachikulu kuposa zonse, chimene anthu ambiri sachiona chifukwa amathamangira nkhope ndi mbalame. Chizindikirocho ndi kuwala. Mukadzapitanso ku tchalitchi chija, mudzayambe mwaima panja masana n'kuyang'ana mazenerawo, ndipo mudzaona kuti ndi akuda bii, odzaza mizere yotuwa, opanda chokopa chilichonse. Mukalowa m'kati, galasi lomwelo limayaka, ndipo mitundu yake imagwera pa mabenchi, pa simenti ndi pa zovala za anthu. Zenera lilibe kuwala kwakekwake, limangolandira ndi kupatsira. Mkulu wa amonke a ku Saint-Denis pafupi ndi Paris, dzina lake Suger, ndiye anatchuka ndi maganizo amenewa pamene anamanganso chigawo cha kuguwa cha tchalitchi chawo, chimene chinadalitsidwa mu 1144. Amisiri ake anapeza njira yochirikizira denga ndi mizati ndi zipilala m'malo mwa makoma okhuthala, motero khoma linachepa, galasi n'kuchuluka, ndipo kamangidwe kotchedwa Gothic kanayambira pamenepo. Cholinga chinali chakuti wolowa m'nyumba ya Mulungu akumbuke mawu a Yesu akuti iye ndiye kuwala kwa dziko lapansi (Yohane 8:12), ndiponso aone chithunzithunzi cha Yerusalemu Watsopano wa pa Chivumbulutso 21, mzinda wa maziko a miyala yonyezimira yamitundumitundu. Alaliki a nthawi imeneyo ankafaniziranso kubadwa kwa Yesu ndi kuwala kumene kumadutsa m'galasi osaliswa, pofotokoza za unamwali wa Amayi Maria. Tchalitchi chachikulu cha Mtima Woyera muno mu Harare, chimene ansembe a chipani cha Jesuit anamanga m'zaka za m'ma 1920 ndipo chinakhala likulu la arkidayosizi mu 1955, chinatengera kamangidwe komweko ka mazenera aatali osongoka pamwamba.

Mukayandikira zenera lenileni la mtundu umenewu mudzaona kuti si galasi limodzi lopakidwa penti. Ndi tizidutswa tambirimbiri, kalikonse ndi mtundu wake, tolumikizidwa ndi timizere ta mtovu tokhala ndi ngalande mbali zonse ziwiri. Mtunduwo uli m'kati mwa galasilo, pakuti posungunula mchenga ndi phulusa amisiri ankathiramo miyala ya zitsulo zosiyanasiyana: cobalt amatulutsa buluu, mkuwa umatulutsa kufiira kapena kubiriwira malingana ndi mmene motowo wayendetsedwera, ndipo manganese amatulutsa pepo. Galasi lofiira linkada kwambiri moti kuwala sikunkadutsa, choncho ankangoyala kachigawo kopyapyala kofiira pamwamba pa galasi loyera. Maso, tsitsi, zala ndi mapindo a zovala ankazijambula ndi utoto wakuda wopangidwa ndi dzimbiri la chitsulo ndi galasi lopera, n'kuziwotcha m'ng'anjo kuti zimamatire mpaka kalekale, ndipo kuyambira cha m'ma 1300 anatulukira kuti mankhwala a siliva akawotchedwa pa galasi amasiya mtundu wachikasu, umene mumauona pa tsitsi la angelo ndi pa zisoti zaufumu. Galasi louzira pakamwa limadziwika ndi tithovu tating'ono ta mpweya totsalira m'kati ndiponso kusafanana kwa makulidwe ake, ndipo kusafananako ndiko kumachititsa kuti kuwala kuzioneka ngati kukugwedezeka.

Kawerengedwe kake nakonso kali ndi dongosolo. Zenera lofotokoza nkhani kawirikawiri limawerengedwa kuyambira pansi kukwera m'mwamba, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Ku Chartres m'dziko la France, kumene tchalitchi chinamangidwanso moto utachiwononga mu 1194 ndipo mazenera ake ambiri a m'zaka za m'ma 1200 akadalipo, kuli zenera la Msamariya Wachifundo. Pansi penipeni pali osoka nsapato ali pa ntchito yawo, kusonyeza gulu limene linapereka mphatsoyo. Pamwamba pawo pali fanizo lija: munthu akutuluka mu Yerusalemu, achifwamba akumuvula, wansembe ndi Mlevi akumulambalala, Msamariya akumunyamula. Kenaka mwadzidzidzi nkhani ikusintha, mukuona Mulungu akulenga Adamu ndi Hava, iwo akudya chipatso, mngelo akuwapirikitsa m'munda. Wosadziwa angaganize kuti amisiri anasokoneza, koma iwo ankatsata kamasuliridwe ka aphunzitsi akale monga Augustino Woyera, kakuti munthu wovulazidwa panjira uja ndi Adamu, ndiye kuti ife tonse, Msamariya ndi Khristu, ndipo nyumba ya alendo ndi Mpingo. Umenewu ndi ulaliki wathunthu, ndipo n'chifukwa chake sindivomereza kwathunthu mawu otchuka akuti mazenerawa anali Baibulo la osaphunzira. Munthu sakanatha kumva zonsezi pongoyang'ana, pankafunika womufotokozera, monga momwe inunso mukufunira lero.

Ngakhale mbali imene zenera layang'ana inali ndi tanthauzo. Guwa linkakhala kum'mawa, kotulukira dzuwa, pokumbukira kuuka kwa akufa, ndipo kumadzulo, kolowera dzuwa, ankaikako Chiweruzo Chomaliza. Ku Ulaya dzuwa limadutsira chakumwera, choncho mbali ya kumpoto, imene imalandira kuwala kochepa, ankaipatsa Chipangano Chakale, nthawi yodikira, ndipo ya kumwera yowala kwambiri ankaipatsa Chipangano Chatsopano. Ku Chartres komweko zenera lozungulira la kumpoto lili ndi Maria pakati pa mafumu a Yuda ndi aneneri, pamene la kumwera lili ndi Khristu muulemerero, ndipo pansi pake pali alembi anayi a Mthenga Wabwino atakhala pa mapewa a aneneri anayi, Mateyo pa Yesaya, Luka pa Yeremiya, Yohane pa Ezekiele, Marko pa Daniele. Koma kuno ku Harare tili kumwera kwa equator, ndipo kuyambira cha mu February mpaka kumayambiriro a November dzuwa la masana limakhala chakumpoto, makamaka m'nyengo yachisanu ya June ndi July. Ndiye kuti amene angakopere dongosolo la ku Ulaya osaganizira thambo lathu, adzapeza kuti miyezi yambiri aneneri ndiwo akuwala, atumwi ali mumthunzi. Komiti iliyonse ya zomangamanga pa parishi ikuyenera kudziwa zimenezi isanayitanitse galasi.

Tsopano tibwere ku zimene akamwini anu anaona, ndipo ndiyamba ndi diso chifukwa ndilo limaopsa anthu ambiri. Ngodya zitatu zofanana zimaimira Utatu Woyera, Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera, ndipo diso likuchokera m'mavesi monga Salimo 33:18, lonena kuti diso la Chauta lili pa anthu omuopa, ndi Miyambo 15:3, lonena kuti maso ake ali ponseponse. Popeza Mulungu Atate palibe anamuona, amisiri ambiri ankaopa kumujambula ngati nkhalamba ya ndevu, ndipo m'malo mwake ankajambula dzanja lotuluka m'mitambo kapena diso lozunguliridwa ndi cheza. Akhristu anali akujambula kale diso limeneli m'matchalitchi gulu lachinsinsi la Illuminati lisanakhazikitsidwe ku Bavaria, ku Germany, mu 1776, gulu limene boma la kumeneko linalithetsa pasanathe zaka khumi. N'zoona kuti a gulu lina lachinsinsi la Freemason nawonso anadzatenga disoli, ndipo n'zoonanso kuti muno mu Harare timaliona tsiku ndi tsiku pa kapepala ka dola imodzi ya ku America kamene timalipirira kombi, pamwamba pa piramidi. Pamenepo linafika kudzera pa chidindo cha boma la America chimene chinavomerezedwa mu 1782, ndipo chinasindikizidwa pa ndalamayo kuyambira mu 1935. Mavidiyo a pa foni amasonkhanitsa zonsezi m'thumba limodzi chifukwa chakuti zikufanana, osafunsa kuti chinayamba n'chiti. Zomwezo zimachitikanso ndi mtanda wozondoka, umene mukauona pafupi ndi munthu wonyamula makiyi ndi wa Petulo Woyera, amene mwambo wakale umati anapachikidwa chadodolido ku Roma m'nthawi ya mfumu Nero.

Mbalame yodzijompha pachifuwa ndi vuwo, imene makolo athu ankaidziwa m'nyanja ndi m'madambo a ku Malawi. Anthu akale ankakhulupirira kuti vuwo amadziboola pachifuwa n'kupatsa ana ake moyo ndi magazi ake. Zoona zake vuwo sachita zimenezo, ndipo Mpingo suphunzitsa kuti amachita, koma nthanoyo inakhala fanizo la Khristu amene amadyetsa anthu ake ndi thupi ndi magazi ake. N'chifukwa chake mudzapeza mbalameyi pafupi ndi guwa kapena tabernakulo, pamodzi ndi ngala za tirigu, mphesa ndi chikho, zonse zonena za Ukaristia. Mukayang'anitsitsa mudzaona timadontho tofiira tikugwera m'milomo ya tiana tokhala m'chisa. Chapafupi pamakhala kawirikawiri Mwanawankhosa, amene akaimirira atanyamula mbendera yoyera ya mtanda wofiira ndiye kuti ndi Khristu wouka kwa akufa, ndipo akagona pa buku la zimatiro zisanu ndi ziwiri ndiye kuti tili pa Chivumbulutso 5.

Mkango ndi ng'ombe zamapiko zili m'gulu la zamoyo zinayi, ndipo ndikhulupirira kuti pa zenera lomwelo panalinso munthu wamapiko ndi chiwombankhanga. Mneneri Ezekiele anaziona m'masomphenya (Ezekiele 1:10), Yohane anazionanso zitazungulira mpando wachifumu wa Mulungu (Chivumbulutso 4:7), ndipo Akhristu oyamba anazigwirizanitsa ndi mabuku anayi a Mthenga Wabwino. Kagawidwe kamene kanakhazikika ndi ka Jeromu Woyera, kotengera mmene buku lililonse limayambira. Mateyo ndi munthu chifukwa akuyamba ndi mndandanda wa makolo a Yesu, Marko ndi mkango chifukwa akuyamba ndi mawu ofuula m'chipululu, Luka ndi ng'ombe, nyama ya nsembe, chifukwa akuyamba ndi wansembe Zakariya m'Nyumba ya Mulungu, ndipo Yohane ndi chiwombankhanga chifukwa akuyambira m'mwambamwamba, pa Mawu amene analipo pachiyambi. Ngati mpingo wa akamwini anu umawerenga buku la Chivumbulutso, ndiye kuti nyama zimenezi amazidziwa kale, anali asanazione chabe zitajambulidwa.

Zilembo za IHS ndi zilembo zitatu zoyambirira za dzina la Yesu m'Chigiriki, ndipo zimene ena amafalitsa zoti ndi mayina a milungu ya ku Ejipito zilibe umboni uliwonse. Mlaliki wa chipani cha Fransisko, Bernardino wa ku Siena, amene anamwalira mu 1444, ankazionetsa kwa anthu pa thabwa zitazunguliridwa ndi cheza cha dzuwa, ndipo a Jesuit atavomerezedwa mu 1540 anazitenga ngati chidindo chawo, n'kuwonjezapo mtanda pamwamba ndi misomali itatu pansi. Popeza a Jesuit ndiwo anayala maziko a Mpingo m'dera lino, kuyambira pa mishoni ya Chishawasha mu 1892, n'zosadabwitsa kuti zilembozi n'zofala m'matchalitchi akale a kuno. Iwo ndiwonso anafalitsa kwambiri chithunzi cha Mtima Woyera, mtima woyaka moto, wozengedwa ndi minga, wokhala ndi bala la mkondo ndi mtanda pamwamba, potsatira masomphenya a sisitere Margaret Mary Alacoque ku Paray-le-Monial pakati pa 1673 ndi 1675. Mukaona mtima wolasidwa ndi lupanga, wozengedwa ndi maluwa m'malo mwa minga, umenewo ndi wa Amayi Maria, potsata mawu a Simeoni pa Luka 2:35. Nyenyezi 12 kumutu kwawo ndi mwezi kumapazi kwawo zikuchokera pa Chivumbulutso 12:1, ndipo njoka imene apondayo ndi ya pa Genesis 3:15. Njoka kapena chinjoka chikapezeka pa zenera la m'tchalitchi, yang'anani pamene chili: chimakhala pansi pa phazi kapena pansonga ya mkondo wa mngelo wamkulu Mikaele.

Anthu oyera amadziwika ndi zimene anyamula, monga momwe inu mumadziwira patali, pongoona yunifomu, kuti mayi uyu ndi wa bungwe la Anna Woyera ndipo uyo ndi wa bungwe la Mtima Woyera, osafunsa dzina. Mkombero wowala kumutu umasonyeza kuti munthuyo ndi woyera, koma ukakhala ndi mtanda m'kati mwake ndiye kuti ndi Khristu, kapena mmodzi wa Utatu Woyera, ndipo lamulo limeneli amisiri ankalisunga kwambiri. Tsamba la kanjedza m'manja limatanthauza wofera chikhulupiriro (Chivumbulutso 7:9). Petulo ali ndi makiyi a pa Mateyo 16:19, Paulo ali ndi lupanga limene anaphedwa nalo ndi buku la makalata ake, Stefano ali ndi miyala, Yosefe ali ndi duwa loyera kapena chipangizo cha ukalipentala, Anna akuphunzitsa kamtsikana Maria kuwerenga, ndipo Martin de Porres wa ku Lima ali ndi tsache. Pa nkhani ya mitundu ndiye ndikuchenjezeni kuti musakhulupirire kwambiri mindandanda yonena kuti mtundu wakuti nthawi zonse umatanthauza zakuti. Zoona, buluu anazolowereka pa chovala cha Maria, kufiira kumanena za magazi, moto wa Mzimu Woyera ndi chikondi, ndipo kuyera kumanena za ulemerero. Koma chikasu chomwe chimaimira golide wakumwamba ankavekanso nacho Yudasi, ndipo nthawi zambiri mmisiri ankasankha mtundu chifukwa chakuti ukugwirizana ndi woyandikana nawo kapena chifukwa ndi galasi limene anali nalo.

Funso lanu lomaliza, la nkhope zachizungu, ndilo ndikuliona lolemera kuposa la usatana. Yesu, Maria ndi atumwi anali Ayuda a ku Palestina, sanali anthu a tsitsi lachikasu ndi maso abuluu. Mmisiri aliyense amajambula nkhope zimene amaziona pamsika wa kwawo, ndipo n'chifukwa chake m'matchalitchi a ku Ethiopia, kumene Chikhristu chinakhazikika m'zaka za m'ma 300, oyera amaoneka ngati Aitiyopiya. Magalasi ambiri amene anafika m'mamishoni m'zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro a m'ma 1900 ankapangidwa m'makampani a ku Ulaya, monga Franz Mayer wa ku Munich ndi Hardman wa ku Birmingham, amene ankatumiza zithunzi za kalembedwe kofanana m'maiko ambiri. Ndiye chimene mukuona ndi mbiri ya malonda ndi ya utsamunda, si chiphunzitso cha Mpingo. Ngakhale ku Ulaya komweko, chiboliboli cha Maurice Woyera cha ku Magdeburg cha m'zaka za m'ma 1200 chimamuonetsa ngati msilikali wakuda, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1400 mmodzi wa anzeru akum'mawa aja ankajambulidwa kawirikawiri ngati Mwafirika. Kuipa kwa nkhope zachizungu zokhazokha n'kwakuti mwana amene wakula akuona kuti woyera aliyense ndi mzungu amaphunzira phunziro limene palibe katekisiti analiphunzitsa ndi pakamwa, ndipo limavuta kufufuta.

Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican unanena momveka mu 1963, m'chikalata chake cha za chipembedzo, kuti Mpingo sunasankhe luso la mtundu umodzi wa anthu kukhala lakelake, ndipo luso la mafuko onse lili ndi malo m'nyumba ya Mulungu. M'dziko muno ena anali atayamba kale. Pa mishoni ya Serima m'chigawo cha Masvingo, wansembe wa ku Switzerland, bambo John Groeber, kuyambira mu 1948 anaphunzitsa anyamata kusema, ndipo tchalitchi chake chadzaza ndi angelo ndi aneneri a nkhope zachifirika. Kwanu ku Dedza, pa mishoni ya Mua, bambo Claude Boucher anakhazikitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, kumene amisiri amasema ndi kujambula nkhani za m'Baibulo potengera moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao. Ntchito zimenezi n'zamtengo ndi zautoto, pakuti galasi ndi lodula ndipo amisiri ake ndi ochepa, koma zikuonetsa njira. Oyera oti n'kuwajambula alipo: Amartiri 22 a ku Uganda, amene Papa Paulo VI anawalengeza kukhala oyera mu 1964, ndi Karoli Lwanga ndi kamnyamata Kizito pakati pawo, kanjedza m'manja ndi malawi a moto wa ku Namugongo, kumene ambiri mwa iwo anatenthedwa, kumapazi, Josephine Bakhita wa ku Sudan, amene anakhala woyera mu 2000, ndi maunyolo ake odulidwa, ndiponso mphunzitsi Benedict Daswa wa ku South Africa, amene anatchedwa wodala mu 2015. Ineyo parishi itandifunsa chojambula pafupi ndi guwa, ndingasankhe thadzi lofungatira anapiye ake, fanizo limene Yesu anadzinenera yekha pa Mateyo 23:37, chifukwa mwana aliyense wa ku Mufakose kapena ku Mabvuku analionapo, pamene nthano ya vuwo imafuna kufotokoza kwakutali. Sindikunena kuti mazenera akale achotsedwe, ayi, amenewo asamalidwe, koma atsopano asamangokopera.

Ngati akamwini anu angalole, apempheni mudzapite limodzi pakati pa sabata, nthawi yopanda Misa, iwo atanyamula Baibulo lawo, ndipo mudzayambe mwapempha chilolezo ku ofesi ya parishi. Mazenera a kum'mawa amaoneka bwino dzuwa likangokwera pang'ono, a kumadzulo chakumadzulo ndithu, ndipo tsiku la mitambo yopyapyala limaonetsa nkhope bwino kuposa dzuwa lowala kwambiri la mu October, limene limachititsa kuti galasi loyera lithobwe m'maso. Musatenge mazenera onse tsiku limodzi, sankhani awiri kapena atatu, ndipo pa lililonse muyambe ndi kufunsa kuti wajambulidwayo ndani, wanyamula chiyani, waponda chiyani, kenaka iwo atsegule vesi lake. Mudzayang'anenso m'munsi mwenimweni mwa zenera, pamene kawirikawiri pamalembedwa dzina la wopereka mphatsoyo kapena la womwalira amene akumukumbukira, nthawi zina ndi chaka chake, ndipo pangodya pamatha kukhala kachidindo ka kampani imene inalipanga. Mukaona kuti zenera layamba kutupa chakumunsi, kapena kuwala kukulowera pakati pa galasi ndi mtovu, dziwitsani bambo mfumu kapena a komiti mvula ya matalala isanafike, ndipo amayi okonza m'tchalitchi muwauze kuti asamalikweche ndi sopo waukali kapena burashi, chifukwa utoto wa nkhope uja umakhala mbali ya m'kati ndipo ukachoka subwereranso.